Kusoka quilt yaikulu ya mizere ya ku Durham pa makina a m'nyumba nthawi ya chisanu

Makina osokera amene ambiri tili nawo m'nyumba ali ndi mpata wa masentimita 16 kapena 18 okha pakati pa singano ndi thupi lake. Quilt, chofunda chochita kusoka, ikakhala ya bedi lalikulu imapitirira mamita 2 m'lifupi, ndipo ndi zinthu zitatu zosanjikizana: nsalu yapamwamba, thonje pakati, ndi nsalu yapansi. Theka la katundu yenseyo liyenera kudutsa pakampata kaja. N'chifukwa chake ambiri amalumikiza nsalu yapamwamba bwinobwino, kenaka n'kuipinda n'kuiponya m'kabati zaka n'zaka. Komatu makinawo ntchito amaitha. Chimene chimaononga misoko ndi kulemera kwa nsalu ikamalendewera m'mphepete mwa tebulo n'kumakoka singano. Mukathana ndi kulemerako, zinazo n'zongophunzira.

Mtundu umene ndakusankhirani ndi wa kumpoto chakum'mawa kwa England, m'zigawo za Durham ndi Northumberland, umene eni ake amautcha strippy. Nsalu yapamwamba imakhala mizere italiitali ya mitundu iwiri yosinthana, kawirikawiri yofiira ndi yoyera, ndipo mzere uliwonse umasokedwa maluwa akeake kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Zofunda zimenezi zinafala kwambiri pakati pa 1860 ndi 1930. Nsalu yofiirayo inali ya utoto wosasuluka wotchedwa Turkey red, umene mafakitale a ku Vale of Leven ku Scotland ankanyika wambiri. M'midzi ya migodi ya malasha, amayi amasiye komanso amene amuna awo anavulala mumgodi ankadyera singano yomweyi: anthu angapo ankasonkha kandalama mlungu ndi mlungu, aliyense n'kumalandira quilt yake nthawi yake ikakwana, ngati mmene chipereganyu chimayendera kwathu. Kunalinso akatswiri ongojambula maluwa pansalu ndi pensulo ya buluu, monga Elizabeth Sanderson wa ku Allenheads, amene anaphunzira kwa George Gardiner wa ku Allendale. Amene muli ku Britain mungathe kukaona zofunda zenizenizo ku Beamish Museum ku County Durham.

Amayi amenewo ankasoka maluwa pamanja, nsalu ataikunga pamitengo iwiri yaitali, n'kumamaliza mzere umodzi asanafunyulule wina. Nzeru yomweyo ndi imene imachititsa kuti strippy igwirizane ndi makina aang'ono: simudzafunika kuzunguza chofunda chonse kangapo, mungoyenda ndi mzere umodzi kuchokera kumutu mpaka kumiyendo.

Nthawi ya chisanu imayenerana ndi ntchitoyi chifukwa nsalu yonse imakhala pamiyendo ndi paphewa panu. M'chilimwe simungaipirire. Ku Britain werengerani kuyambira Novembala mpaka Febuluwale. Ku Johannesburg, ku Dedza kapena ku Mzimba ndi Meyi mpaka Ogasiti. Mzere umodzi pamlungu, kuphatikiza milungu iwiri yokonzekera ndi umodzi womalizira, ndiye kuti miyezi itatu yakwana.

Kugula ndi kuchapa

Tiyerekeze mizere 9, uliwonse masentimita 23 m'lifupi ukasokedwa, ndi masentimita 230 m'litali. Chofunda chonse chidzakhala 207 kwa 230. Mizere ikhale yosagawika pawiri, 7 kapena 9, kuti mbali zonse ziwiri zithere mtundu umodzi. Ikani yofiira kunja: yofiira 5, yoyera 4.

Nsalu ya masentimita 110 m'lifupi imatulutsa mizere 4 ya masentimita 24.5. Choncho yoyera gulani mamita 2.5, yofiira mamita 5. Yotsalayo mudzasokera mapilo. Yapansi ipose yapamwamba ndi masentimita 10 mbali iliyonse. Ngati mungapeze nsalu yotambalala masentimita 270, mamita 2.6 akukwanirani popanda cholumikiza. Thonje lapakati, limene m'masitolo amalitcha wadding kapena batting, sankhani lopyapyala la thonje lenileni kapena losakaniza la 80/20 (magawo 80 thonje, 20 poliyesita). Lofufuma la poliyesita lisiyeni: silikwana pansi pa mkono wa makina, limaterereka, ndipo chofunda chake sichioneka chakale n'komwe.

Wina afunsa za chitenje. Chikhoza kukhala nsalu yapansi, ndipo chimabisa bwino misoko yokhota. Pamwamba ayi, chifukwa maluwa a chitenje amameza maluwa a ulusi, ndipo ntchito ya miyezi itatu siioneka.

Chapani nsalu zonse musanadule, yofiira payokha. Mukatsukuluza, ponyani kansalu koyera m'madzimo n'kukasiya mphindi 30. Kakatuluka kofiirira, chapaninso, mpaka kadzatuluke koyera. Nsalu ikakanirira kutaya utoto, isiyeni mugule ina. Utoto wofiira wa masiku ano si Turkey red uja, ndipo ukalowa m'mizere yoyera mutasoka kale mulibenso pogwira.

Kulumikiza mizere

Dulani mizere motsata litali la nsalu, chifukwa mbali imeneyo sitamuka. Pindani mzere uliwonse pakati, kenaka pakatinso, n'kuika chizindikiro pamapindiro. Polumikiza mizere iwiri, zizindikirozo zikumane, muzibaye mapini. Mukapanda kutero, timano ta makina timakoka nsalu yapansi mofulumira kuposa yapamwamba, ndipo pofika mzere wachisanu chofunda chimakhala chitakhota. Msoko ukhale wa mamilimita 7. Woyamba usokeni kuchokera kumutu, wachiwiri kuchokera kumiyendo, kumasinthana choncho. Posita, gonekani mipendero yonse kumbali yofiira kuti isaonekere pansi pa yoyera.

Kusankha ndi kujambula maluwa

Apa m'pofunika kufatsa. Maluwa odziwika a strippy ndi nthenga yoyenda mokhotakhota, chingwe chopota, choluka ngati tsitsi, ndi madayamondi. Amayi akale ankakonda ulusi umodzi chofunda chonse, ndipo inunso ndikulangizani woyera pamwamba ndi m'bobini momwe. Mukaika mitundu iwiri yosiyana, timadontho ta ulusi wapansi timatulukira pamwamba ngakhale makina muwatchere bwanji.

Ulusi woyera pansalu yofiira umaulula kunjenjemera kulikonse kwa dzanja. Pansalu yoyera umangosiya mthunzi. Ndiye maluwa ovuta, nthenga zija, ikani pamizere yoyera. Zingwe ndi madayamondi, zimene makina amayendetsa okha mowongoka, ikani pamizere yofiira. Mbali ziwiri zifanane: mzere wachiwiri ndi wachisanu ndi chitatu maluwa amodzi, wachitatu ndi wachisanu ndi chiwiri chimodzimodzi.

Kuti maluwa athere bwino kumapeto, dulani pepala lotalika masentimita 224 (manyuzipepala omata ndi tepi akwanira), mulipinde pakati katatu. Mupeza zigawo 8 za masentimita 28. Jambulani chingwe kapena kukhota kwa nthenga kamodzi m'chigawo chimodzi, mukope pakatoni yolimba, mudule. Katoniyo ndiyo muyezo wanu. Yambani kujambula pakati pa mzere kumapita kumapeto, ndipo siyani masentimita 3 opanda kanthu m'mphepete monse mwa chofunda, tidzawafuna pomaliza.

Mizere yoyera jambulani tsopano, nsalu ikadali yokha patebulo, ndi cholembera cha buluu chochoka ndi madzi. Yofiira dikirani: choko ndi kachidutswa ka sopo wouma zimalemba bwino pofiira koma zimafufutika msanga, choncho muzijambula mzere umodzi tsiku limene muusoke.

Chisanu chili ndi misampha iwiri pano. Inki ya buluu ija ikamva kutentha imakhazikika, ndiye musaisite, ndiponso musayanike chofunda pa radiator (chitsulo chotenthetsera m'nyumba) kapena pafupi ndi hita kapena mbaula. Zolembera zofufutika ndi kutentha, monga Frixion, zili ndi vuto lina: inki yake simachoka, imangobisala, ndipo kukazizira kwambiri mizere ija imabwereranso.

Kumanga zitatuzo pamodzi

Tulutsani thonje m'thumba lake ligone chotambasula usiku wonse kuti makwinya athe. Yalani nsalu yapansi chafufumimba pasimenti kapena pamatabwa, muimate ndi tepi ya pepala m'mphepete. Ikhale yosalala, koma musaikoke ngati ng'oma, chifukwa mukadzamasula idzabwerera n'kukwinyitsa zapamwamba. Yalani thonje, kenaka nsalu yapamwamba, kusalaza ndi zikhato kuchokera pakati. Onetsetsani ndi chingwe kapena thabwa lalitali kuti misoko ya mizere yawongoka.

Bayani mapini otseka, sefitipini zija, motalikirana chibakera chimodzi, pafupifupi masentimita 10. Pachofunda chachikulu chonchi muwerengere mapini oposa 400. Okhota msana ndi abwino kuposa owongoka, ndipo kasupuni kamathandiza kutseka zala zikayamba kuwawa. Pewani kubaya pamsoko penipeni, popeza m'pamene muyambire kusoka. Guluu wopopera amafulumiza ntchito, koma amafuna mawindo otsekula, ndipo mu Januwale ku Newcastle, ku England, palibe amene angalole zimenezo m'nyumba mwake. Ngati maondo sakulolani kugwada, chitani patebulo lalikulu chigawo ndi chigawo, kuyambira pakati, nsalu yapansi mutaipana kutebulo ndi zopanira mapepala zazikulu.

Pomaliza pindirani nsalu yapansi yotsala ija pamwamba pa thonje m'mphepete n'kuibaya mapini, kuti thonje lisamakodwe ndi kunyotsoka.

Kukonza pokhala

Gawo ili ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limalamula ubwino wa misoko.

Kankhirani tebulo pakona, khoma likhale kutsogolo kwanu ndi kumanzere, kuti nsalu ikadutsa pasingano isagwere pansi. Tebulo likachepa, onjezani lina kumbuyo kwa makina. Kumanzere kwanu, pambali pa mpando, imikani thabwa lositira, mulitsitse lifanane ndi tebulo. Chofunda chonse chizikhala pamwamba pa zinthu zimenezi ndi pamiyendo panu. Pasapezeke ngakhale ngodya imodzi yolendewera. Ngati makina anu ali pamwamba pa tebulo, pangani malo athyathyathya mozungulira singano ndi katebulo kake kowonjezera, apo ayi sanjani mabuku ofanana msinkhu n'kuyalapo pulasitiki yoterera. Amene muli ndi Singer kapena Butterfly yopalasa ndi mapazi, yolowa m'tebulo lake, pamenepa mwawina kale.

Ku Durham mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye ntchito yambiri idzachitika ndi nyale. Ya kudenga siithandiza. Ikani nyale yaing'ono kumanzere, motsika, kuwala kwake kuzidutsa chopingasa pansalu. Ulusi woyera pansalu yoyera umaoneka ndi mthunzi wake basi. Ngati makina agona m'chipinda chozizira, alowetseni kofunda kwa ola limodzi, muwathire mafuta ngati ndi ofuna mafuta, ndi kuwayendetsa pang'ono opanda ulusi.

Ikani singano yatsopano ya saizi 80/12 kapena 90/14, ulusi wa thonje wa nambala 50, ndipo dzazani mabobini 10 nthawi imodzi. Kuchokera ku zotsala, pangani kachofunda koyeserera ka masentimita 40 mbali zonse, nsalu zomwezo, thonje lomwelo. Sokanipo, mutembenuze. Mukaona timalupu pansi, mangani ulusi wapamwamba pang'ono. Ulusi wapansi ukamatulukira pamwamba, masulani.

Misoko yoyamba

Mangani kaphazi kotchedwa walking foot, kamene kali ndi timano take tokoka nsalu yapamwamba mofanana ndi yapansi. Utali wa msoko ukhale mamilimita 2.5 kapena 3. Ngati makina anu akale alibe kaphazi kotere, masulani sikuluwu yopanikiza kaphazi imene ili pamwamba pa mutu wa makina, muonjezere mapini, ndipo muziyenda pang'onopang'ono.

Yambani ndi kusoka m'mphako za misoko yolumikiza mizere, yonse 8, kuti chofunda chigawike m'zipinda 9 zosasuntha. Zofunda zakale sizinkakhala ndi misoko imeneyi. Ngati mukufuna chanu chifanane nazo ndendende, gwiritsani ulusi wosungunuka m'madzi, udzachoka pochapa. Ine ndimangosiya wa thonje, chifukwa ukalowa bwino m'mphako palibe amauona.

Yambirani msoko wapafupi ndi pakati. Theka lakumanja lilowe pansi pa mkono wa makina. Ambiri amalikulunga ngati mpukutu, koma mpukutu umauma, umagunda khoma ndi chibwano chanu, n'kumakhotetsa msoko. Bwino kulipinda momasuka kapena kungolifwinya lilowe. Mbali yosasokedwa iunjikeni pamiyendo ndi paphewa. Tsitsani singano n'kuikweza kamodzi, mukokere ulusi wa bobini pamwamba, mugwire nsonga zonse ziwiri, muyambe.

Kasokedwe kake n'kotere: salazani malo okwana zikhato ziwiri kutsogolo kwa singano, sokani malo amenewo, imani singano ili pansi, kokerani nsalu ina kuchokera pamiyendo kuti pakhale polefuka, ndiye pitirizani. Mukaona timisoko tikuchepa tokha, musathamangire kutchera makina. Penapake nsalu yakodwa m'mphepete mwa tebulo kapena yalendewera. Chotsani pini iliyonse isanafike pakaphazi.

Mukatha msoko umodzi, pitani wotsatira kumanja, onse kuchokera kumutu. Mudzaona katundu wa pansi pa mkono akuchepa. Theka limenelo likatha, tembenuzani chofunda kumutu kukhale kumiyendo, muyambirenso pakati. Ntchito yolemetsa kwambiri imathera pamenepa.

Zingwe ndi madayamondi

Kaphazi komweko kamakhota bwino malinga kukhotako kukhale kofatsa. Chingwe chopota ndi mizere yokhotakhota yopingasana. Tsatani umodzi kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, mubwerere kumutu mutenge wina. M'zofunda zakale chingwe chimodzi chimaoneka ngati chalowa pansi pa chinzake, chifukwa wosoka pamanja ankadutsitsa singano m'kati mwa thonje. Pa makina muli ndi njira ziwiri: kulola mizere ipingasane poyera, kapena kuima pamphambano, kukweza singano, kulumpha, n'kudzakwirira nsonga za ulusi pambuyo. Yachiwiriyo ndi yokongola koma imasiya nsonga mazanamazana. Pachofunda choyamba pingasitsani.

Madayamondi musawasoke kamzere kamodzikamodzi. Yendani mwa zigizagi: kuchokera kumsoko wakumanzere tsikani chopendekera mpaka wakumanja, singano pansi, kwezani kaphazi, khotetsani, mubwerere kumanzere, mpaka kumiyendo. Mukatero chofunda mumangochipendeketsa uku ndi uku osachizunguza. Zigizagi zingapo zotalikirana masentimita 3 zikapingasana, madayamondi amatuluka okha.

Nthenga

Msana wa nthenga, mzere wokhota wapakati uja, usokeni ndi walking foot. Kenaka sinthani kaphazi muike kozungulira kodumphadumpha kamene amasokera zigamba, mutsitse timano ta makina. Makina amene timano take sititsika, tiphimbeni ndi kakhadi kolimba koboola pakati, komata ndi tepi. Tsopano nsalu mukuyendetsa ndinu, mbali iliyonse, ndipo utali wa msoko ukudalira kugwirizana kwa phazi ndi manja. Phazi likathamanga manja akuchedwa, timisoko timaunjikana. Manja akathamanga, timatalika n'kumakodwa. Oyamba kumene ambiri amaopa liwiro, koma makina oyenda mofulumirirapo ndi manja odekha ndiye amatulutsa mizere yosalala.

Musanakhudze chofunda, jambulani nthenga papepala ndi pensulo osaikweza, masamba angapo, mpaka dzanja lizolowere njira: kuchoka pamsana, kukwera, kuzungulira nsonga, kubwerera pamsana, kutsata pang'ono msoko wakale, kutulukanso. Kenaka yeserani pakachofunda kaja. Tsiku lililonse musanayambe, tenthetsani manja pomwepo kwa mphindi 5, makamaka m'mawa wozizira zala zili gwa. Magolovesi akudimba okhala ndi timadontho ta labala amathandiza kugwira nsalu popanda kufinya.

Yang'anani kumene mukupita, masentimita awiri kutsogolo kwa singano. Nthenga imodzi ikapotoka, isiyeni mupitirize. Ikadzachapidwa pakati pa zinzake mazana simudzaipeza. Chofunika kusula ndi nsalu yopindika pansi ndi ulusi wopanga malupu basi. N'chifukwa chake mukatha theka la mita, pisani dzanja pansi mupapase.

Yambani ndi mizere yoyera yakunja ngati manja sanazolowere, chifukwa misoko 8 ija yagwira kale chofunda ndipo kunja kulibe katundu wambiri pansi pa mkono. Yapakati, imene imaoneka kwambiri pabedi, idzapeze manja atakhwima.

Thonje limasiya fumbi lambiri. Mabobini awiri akatha, tsegulani pansi mupukute ndi kaburashi. Osauzira ndi pakamwa, chinyezi chimachititsa dzimbiri. Singano sinthani mukatha mizere iwiri, kapena mukangomva kaphokoso ka "thu thu" ikamaboola. Ndipo dzukani mphindi 40 zilizonse muwongole msana. Mapewa akakwera kufika m'makutu, nthenga nazonso zimauma.

M'mphepete

Zofunda za ku Durham kawirikawiri sizinkaikidwa mkombero wa nsalu ina. Nsalu yapamwamba ndi yapansi ankazipindira m'kati n'kuzisoka pamodzi, nthawi zambiri pa makina ndithu. Masentimita 3 munasiya aja ndi a ntchito imeneyi. Dulani zitatuzo zifanane, ngodya zikhale zowongoka. Kenaka dulani thonje lokha sentimita imodzi m'kati, mosamala kuti sizasi isalume nsalu. Pindirani nsalu yapansi pamwamba pa thonje, yapamwamba muipindire m'kati kuti milomo iwiriyo ikumane, bayani mapini pafupipafupi. Sokani ndi walking foot mamilimita 3 kuchokera kumphepete, kenaka mzere wachiwiri mamilimita 7 m'kati mwake.

Nsonga za ulusi zotsala zimangeni mfundo, muzilowetse m'singano yapamanja, muibaye m'thonje n'kukatulukira patali pang'ono, mukoke mpaka mfundo ilowe, mudule. Kumbuyo pangodya sokanipo kansalu kolembapo dzina lanu, malo ndi chaka.

Kuchapa koyamba

Viikani chofunda m'madzi ozizira opanda sopo poyamba, kuti inki ya buluu ichoke. Sopo wina amaisandutsa yabulauni. Kenaka chapani ndi sopo wofatsa, madzi ambiri, m'bafa kapena m'makina aakulu a kolipira. Chikanyowa chimalemera kwambiri, ndiye pochinyamula chikumbatireni chonse, musachikoke ngodya, misoko ingaduke.

Musachisiye chonyowa chili chopinda ngakhale ola limodzi, chifukwa mpamene chofiira chimalowa m'choyera. Kumene kuli dzuwa la Juni, chiyaleni pamthunzi pamwamba pa nsalu ina, kapena pazingwe zitatu zoyandikana kuti kulemera kugawike. Ku Britain, kumene chingatenge masiku chisanaume, chiyambitseni m'makina oumitsira pa moto wochepa, n'kumalizira chotambasula pabedi lopanda munthu, kumachitembenuza. Thonje lidzafupika pang'ono ndipo nsalu idzachita timakwinya mozungulira msoko uliwonse, monga zimaonekera zofunda za ku Beamish. Musachisite.